KUTSIKA KU DAMBE KUFIKIRA KU LISUNGWI NDI MNYAMATA WA LIWIRO

Mwezi uno tifuna kukusimbirani za ulendo umene tidayenda m'dziko lathu la Neno, kuyambira m'mwezi wa Sepitembala kufikira kuchiyambi kwa Okutobala, pochezera nthambi za mpingo monga mwa ntchito yathu. Maulendo otere tiyenda chaka ndi chaka, ndipo sitikadakutopetsani nawo. Koma pa ulendo uno tidali ndi mnzathu wa panjira, mwana wa mlongo wathu, mnyamata wa zaka 18, amene Mulungu adampatsa miyendo ya liwiro pamodzi ndi mtima wosadziwa kudikira. Zimene tidaphunzira naye tiyesa kuti zingathandize makolo ena amene ali ndi ana otere m'nyumba zao.

Mlandu wake udayamba chotere. Mnyamatayu adasankhidwa kukathamangira sukulu yake ku Blantyre pa mpikisano wa mamita 10,000. Pokonzekera adathamanga miyezi itatu tsiku ndi tsiku, m'mawa ndi madzulo, ndi mphamvu zake zonse, akupikisana ndi ali yense wokomana naye panjira, ngakhale anthu a njinga. Tsiku la mpikisano adatsogola pozungulira bwalo kasanu. Pambuyo pake anzake adayamba kumpitirira mmodzi mmodzi, ndipo adatsiriza ali kumbuyo ndithu, zitapita mphindi 40. Adabwera kumudzi akutsimphina, misongolo ikumpweteka, tulo tosabwera, nsima yosamkoma.

Amai ake adatiitana nati: "Achimwene, mwana uyu aleke zimenezi. Nsapato ndidagula ndi ndalama za mbatata, nayu wabwera wodwala, ndipo khasu sagwira." Sitidawatsutsa, pakuti mau ao adali oona. Tidalola kuti apumule masabata atatu kufikira ululu utatheratu, ndipo a chipatala atamuona nati mafupa ali bwino, tidapempha mlongo wathu kuti atibwereke mwanayo mwezi umodzi, atitengere katundu pa ulendo wathu. Tidalonjeza kuti akabwera wotsimphinanso, ife tomwe tidzabisa nsapatozo. Adabvomera, koma nkhope yao sidakondwa.

Kwa inu a kutali, amene simudapondepo dziko lino, tinene pang'ono za maonekedwe ake, pakuti nkhani yathu yonse yagona pamenepo. Neno adakhala boma la payekha m'chaka cha 2003, atapatulidwa ku Mwanza, ndipo pa kalembera wa 2018 mudapezeka anthu oposa 138,000. Koma dziko limodzili liri ngati maiko awiri. Kumtunda kuli mapiri a Kirk Range, a m'malire ndi Mozambique, amene adatenga dzina kwa John Kirk, mnzake wa David Livingstone pa ulendo wao wa pa Shire m'chaka cha 1859; kumeneko kuli nkhungu ndi chisanu, ndipo anthu alima mbatata ya kachewere ndi tirigu. Kumunsi kuli chigwa cha Lisungwi ndi Shire, dziko la malambe, mbuzi ndi thonje, kumene dzuwa la Okutobala liotcha mapazi, kufupi ndi mathithi a Nkula ndi Tedzani kumene magetsi a dziko lathu apangidwa. Wotsika kuchokera kumtunda kufikira kumunsi abvula chikhoto chake asanafike pakati pa njira.

Sabata yoyamba tidakhala kumtunda, m'midzi ya kwa Dambe. Kumeneko njira yosalala njosowa: ukatsika khwawa, chitunda china chakudikira. Lamulo limene tidampatsa mnyamatayo lidali limodzi lokha, lakuti athamange mphindi 40 m'mawa, koma pang'ono pang'ono, kotero kuti akhoze kunena Tikuoneni Maria yense mokweza mau, wosadukiza ndi wefuwefu. Akalephera kutsiriza pempherolo, ndiye kuti wapitirira muyeso, achepetse. Ndipo pa chitunda chachikulu, ngati kufunika, ayende. Ife tidamtsata pa njinga, tikumyankha mbali yachiwiri ya pemphero.

Tsiku lachitatu adaima panjira, thukuta losaoneka nkomwe, nati: "Amalume, uku nkuthamanga kodi? Anyamata a pano andiseka, ati ndithamanga ngati nkhalamba yolondola mbuzi." Tidamuuza kuti akhale pa mwala, ndipo tidamfotokozera zimene tidawerenga m'mabuku a anthu oyesa zinthu izi. Mphunzitsi wina wa sayansi, Stephen Seiler, wa ku America koma wogwira ntchito ku Norway, adafufuza mmene akatswiri a mitunda yaitali akonzekera, napeza kuti pa magawo asanu a kukonzekera kwao, ngati anai ali a liwiro lofatsa, ndipo limodzi lokha ndilo lolimba. Ngakhale Eliud Kipchoge wa ku Kenya, amene pa 12 Okutobala 2019 ku Vienna adathamanga makilomita 42 ndi mamita 195 m'ora limodzi, mphindi 59 ndi masekondi 40, ndiye kuti kilomita iri yonse mphindi 2 ndi masekondi 50, adali ndi masiku ambiri a liwiro lofatsa pa malo ake okonzekera ku Kaptagat. Liwiro lofatsa ndilo lilimbitsa mtima, lichulukitsa timitsempha ta magazi m'minofu, ndi kuzoloweza mafupa ndi misempha ya m'miyendo kusenza ntchito popanda kubvulala. Mnyamatayo adamva, koma tidaona kuti adangomvera chifukwa ndife amalume ake.

Sabata yachiwiri tidatsikira ku Mishoni ya Neno, imene Abambo a Montfort adatsegula m'chaka cha 1906, zaka zisanu atafika ku Nzama m'dziko la Ntcheu. Madzulo ena tidakhala pakhonde ndi mkulu wina wa mpingo, munthu wa imvi, ndipo atamva za mnyamatayo adatikumbutsa zimene agogo ake ankasimba za nthawi ya machila, pamene Azungu ankanyamulidwa pa mapewa a anthu. Idali ntchito yowawa, ndipo palibe wa ife aikhumba kuti ibwerere; koma onyamulawo adali ndi nzeru yao. Sankayenda monga munthu wopita kudimba, ndiponso sankathamanga monga wothawa njati. Adali ndi kaliwiro kao ka pakati, kolimba koma kosasintha, akulandirana mtengo wa machila osaima, wina akutsogolera nyimbo, enawo akuyankha ndi mau awiri kapena atatu okha, pakuti mpweya wa mau ambiri padalibe. Mkuluyo adati wachilendo pa ntchitoyo ankadziwika msanga: ankayamba ndi ukali, nagwa dzuwa lisanafike pamutu.

Tidakondwa ndi mau amenewa, pakuti adatitsegulira njira ya phunziro limene tidadzera. Kaliwiro kotere, kolimba koma kodzigwira, othamanga a masiku ano akatcha tempo, ndipo chifukwa chake nchotere. Munthu akamathamanga, minofu yake itentha shuga wochokera m'nsima ndi m'mbatata, ndipo m'ntchito imeneyo mutuluka chinthu chimene anthu a sayansi achitcha lactate. Kale ankayesa kuti nzinyalala chabe zotopetsa thupi. Lero adziwa kuti mtima ndi minofu ina zichitenganso ndi kuchitentha ngati nkhuni. Pa liwiro lochepa thupi lichichotsa m'magazi monga momwe chibwerera. Koma pali malire ake. Munthu akawalumpha, chiunjikana msanga, asidi achuluka m'minofu, miyendo ilemera, ndipo pakapita mphindi zowerengeka ayenera kufooka, afune asafune. Ziri monga ngalande ya m'dimba: itenga madzi bwino kufikira mlingo wake, koma ukatsegulira oposa, asefukira nakokolola mbeu. Mnyamata wathu ku Blantyre adasefukira pozungulira kasanu koyamba, ndipo kuzungulira kotsalako, makumi awiri, adangolipira ngongole.

Tsono tempo ndiko kuthamanga pafupi ndi malirewo, koma osawalumpha. Ndipo wochita chotero sabata ndi sabata aona kuti malirewo asendera patsogolo, kotero kuti liwiro limene kale lidamtsamwitsa, tsopano alisunga nthawi yaitali. Jack Daniels, mphunzitsi wa othamanga wa ku America, amene buku lake la za izi lidatuluka m'chaka cha 1998, adaphunzitsa kuti ndilo liwiro limene munthu wozolowera angalisunge pa mpikisano wa ora limodzi, ndi kuti pokonzekera mphindi 20 zikwanira, mtima ukugunda pakati pa magawo 88 ndi 92 pa 100 a kugunda kwake kotsiriza. Kwa mnyamata wa zaka 18, amene mtima wake ufika ngati 200 pa mphindi, ndiye kuti pakati pa 176 ndi 184. Akaika zala pakhosi atangoima, nawerenga masekondi 15, apeza 44 kufikira 46. Ndipo kwa munthu wotha makilomita 10 m'mphindi 40, tempo yake iri ngati mphindi 4 ndi masekondi 10 pa kilomita, pamene liwiro lake lofatsa liri mphindi 5 kapena kuposerapo.

M'mawa mwake tidapita pa bwalo la mpira. Tidayesa ndi chingwe, tidakhoma zikhomo, kotero kuti kuzungulira katatu kukwane kilomita imodzi. Ndipo titawerengera tidapeza kuti kuzungulira kamodzi kuyenera kutenga masekondi 83. Atayamba ndi mphindi 15 za liwiro lofatsa, kuti thupi lifunde, tidamuuza kuti azungulire ka 15. Koma ana a sukulu adali atasonkhana m'mbali, akupfuula ndi kuimba m'manja, ndipo mnyamatayo adaiwala zonse. Kuzungulira koyamba adatha m'masekondi 70. Tidamuimitsa pomwepo pamaso pa onse. Manyazi adamgwira, nati: "Amalume, mphamvu ndiri nazo, mundiletseranji?" Tidayankha kuti: "Mphamvu zako sitizikana, mwana iwe. Chimene tifuna kuona ndi ichi, ngati ndiwe uzilamula, kapena ndizo zikulamula iwe. Yambanso, ndipo nthawi zonse ukapita pano tidzakufunsa funso, utiyankhe ndi mau atatu kapena anai. Ukakhoza kutisimbira nkhani yonse, wachedwa. Ukalephera kuyankha konse, wafulumira."

Adayambanso, ndipo ulendo uno adasunga 84, 83, 83, 82, ndi kubwereranso pa 83. Ana aja adatopa ndi kuonerera munthu wosapikisana ndi wina, nabalalika. Pofika kuzungulira kwa khumi nkhope yake idalimba, mayankho ake adafupika, koma mapewa adali omasuka ndi mapazi osagunda pansi molemera. Adatsiriza makilomita 5 zisanakwane mphindi 21, ndipo titawerenga pakhosi tidapeza 45. Tidamfunsa ngati akadakhoza kupitiriza mphindi zina zisanu kapena khumi, nati akadakhoza. Tidati: "Ndicho chizindikiro chakuti wachita bwino. Zotsalazo usunge, nza mawa." Adatsiriza ndi mphindi 10 zofatsa, ndipo masiku awiri otsatira sitidamlola kuthamanga molimba, pakuti thupi silikula pa nthawi ya ntchito, koma pa nthawi ya kupuma, ya kudya ndi ya tulo.

Sabata yachitatu tidanyamuka kutsikira ku chigwa. Njira ya kumeneko ndi yotsetsereka, ya miyala ndi pfumbi, ndipo tidamletsa kuthamanga potsika mapiri akuluwo, pakuti kutsika ndi liwiro ndiko kupweteka misongolo ndi maondo koposa kukwera. Mitengo ya masuku idatsala kumbuyo, malambe adayamba kuoneka, mphepo idasanduka yofunda, ndipo titafika ku Lisungwi Akristu a kumeneko adatilandira ndi madzi ndi thobwa. Masiku oyamba tidatanganidwa ndi kuphunzitsa a kalasi ya ubatizo ndi kuchezera odwala, kotero kuti tsiku la tempo lidafika ife tisanakonze nthawi yabwino. Ndipo apa kulakwa kudali kwathu, pakuti tidamtulutsa dzuwa litakwera kale.

Tidayesa kilomita pa njira yosalala ya m'mbali mwa mtsinje. Kilomita yoyamba adatha m'mphindi 4 ndi masekondi 22, yachiwiri masekondi 26 pamwamba pa mphindi 4. Atamva ife tikuwerenga manambalawo adada nkhawa, nayamba kukoka miyendo kuti abweze 4 ndi 10 wa ku Mishoni. Mayankho ake adatha, nkhope idatuwa, ndipo tidamuimitsa pa mthunzi wa mlambe mphindi 20 zisanakwane. Titawerenga pakhosi tidapeza 49. Adakhala pansi, misozi iri pafupi, nati: "Amalume, ndabwerera m'mbuyo. Amai adanena zoona."

Pamenepo tidamuuza kuti sadabwerere m'mbuyo konse, koma wotchi ndiyo idamnamiza. Kukatentha, thupi litumiza magazi ambiri ku khungu kuti lizizire, madzi atuluka ndi thukuta, ndipo mtima uyenera kugunda kawirikawiri kuti ugwire ntchito ziwiri nthawi imodzi; motero malire aja atsika, ndipo 4 ndi 25 wa ku Lisungwi alemera pa mtima monga 4 ndi 10 wa ku Mishoni. Chomwechonso pa zitunda za kwa Dambe, kapena mphepo ikaomba kumaso, kapena munthu akagona ndi njala. Wotchi iwerenga nthawi yokha, siidziwa dzuwa kapena phiri. Koma mpweya ndi mtima zidziwa zonsezo. Nchifukwa chake muyeso woyamba wa tempo ndi mau atatu aja, ndipo wotchi ingochitira umboni. Tidapepesanso kwa iye chifukwa cha ora loipa limene tidasankha, pakuti dzuwa la m'chigwa lingathe kugwetsa munthu ndi kumupha.

Patapita masiku asanu ndi limodzi tidayesanso, tambala atangolira kachiwiri, atamwa madzi. Ulendo uno tidaika wotchi m'thumba ndipo sitidamuuza nambala iri yonse. Tidagawa ntchitoyo panai, mphindi 5 zolimba ndi mphindi imodzi yofatsa pakati pake, ndiyo njira yabwino kwa wophunzira ndi pa nthawi yotentha. Adadziyesa yekha ndi mpweya wake. Ndipo pamene mnyamata wina wa njinga adampitirira akumnyoza, sadatembenuke nkomwe. Titaona m'kabuku kathu pambuyo pake, zigawo zinaizo zidalingana pafupifupi ngati mbeu za m'khoko limodzi, ndipo chotsiriza ndicho chidaposa pang'ono. Akulu adati kuthamanga si kufika. Tsiku limenelo tidaona kuti mnyamatayo wamva mwambiwo ndi miyendo yake, osati ndi makutu okha.

Tidapitirira kufikira ku Zalewa, pa mlatho wa Shire, kumene tidatsiriza ntchito yathu, ndipo tidabwerera kumtunda pa galimoto. Mlongo wathu adatiyang'anira patali, maso ali pa miyendo ya mwana wake. Ataona kuti satsimphina, ndi kuti adatha nsima yake napempha ina, sadanene kanthu usiku umenewo. M'mawa mwake adati: "Achimwene, nsapato zikhale. Koma mvula ikagwa, ayambe wapita kumunda." Tidabvomera, ndipo mnyamatayo adabvomeranso. Ngati adzapambana pa mpikisano wa chaka cha mawa, adziwa ndi Mulungu. Ife chimene tidalonjeza chidali kumbweza wamoyo ndi wa miyendo yabwino.

Tsono inu makolo ndi aphunzitsi amene muli ndi ana a liwiro, anyamata ndi atsikana omwe, musawaletse msanga, ndiponso musawasiye okha. Mphatso imeneyi iripo m'dziko lathu: Catherine Chikwakwa adatenga mendulo ya siliva pa mamita 5,000 pa mpikisano wa achinyamata a dziko lonse lapansi ku Grosseto, m'dziko la Italy, m'chaka cha 2004, ndipo chaka ndi chaka anthu athamanga kukwera phiri la Mulanje pa mpikisano wa onyamula katundu. Ndiponso simufunika kukhala akatswiri kuti muwathandize. Brother Colm O'Connell wa ku Ireland adafika ku sukulu ya St Patrick ku Iten, m'dziko la Kenya, m'chaka cha 1976 kudzaphunzitsa m'kalasi, wosadziwa za kuphunzitsa liwiro. Koma adaphunzira poyang'anitsitsa ana ake, ndipo mmodzi wa amene adawalera, David Rudisha, adapambana pa mamita 800 ku London m'chaka cha 2012 ndi nthawi imene munthu adali asanaifikepo.

Zofunika kusunga nzochepa. Masiku ambiri mwana athamange mofatsa, mwakuti akhoze kucheza ndi mnzake. Tempo ikhale kamodzi pa sabata, mphindi 20, thupi litayamba lafunda, ndipo atsirize akadali ndi mphamvu zotsala. Tsiku lolimba lisatsatane ndi lina lolimba, ndipo tsiku la Mulungu apumule. M'chigwa athamange mbandakucha, amwe madzi. Thupi likatentha ndi malungo asathamange konse, apite kuchipatala, ndipo atachira ayambirenso pang'ono pang'ono. Ululu wa pa pfupa umene ukula pothamanga si wa kuupirira, koma wa kuupumira. Adye nsima yokwanira, nyemba, masamba ndi manachesi athu ano. Ndipo mtsikana wotopa msanga ndi wotuwa m'maso akayezetse magazi.

Paulo Woyera, polembera Akristu a ku Korinto, adatenga fanizo lake pa othamanga a m'bwalo ndi pa kudziletsa kwao. Ife timaliwerenga kawirikawiri m'tchalitchi, koma tibvomera kuti tidalimvetsa bwino pa bwalo la mpira la ku Mishoni, tiri ndi chingwe ndi wotchi m'manja. Taonapo obatizidwa chatsopano amene chaka choyamba safuna kuphonya msonkhano uli wonse, ndipo chaka chachitatu mpando wao uli wopanda munthu; taonaponso amai okalamba amene zaka makumi anai afika ku Misa ndi kayendedwe komweko, mvula kapena dzuwa.

Mutipempherere ife ndi mnyamata wathuyo, monga ifenso tikupemphererani. Mwezi wa mawa, Mulungu akalola, tidzakusimbirani za Akristu a m'mbali mwa Shire ndi tchalitchi chimene ali kumanga. Tsalani bwino mwa Ambuye.